Za Kufunsa Anthu, ndi za Kudzisindikizira Buku la Zimene Anayankha

Anthu okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumbali ya Phalombe, ndi anthu ofunsidwa kawirikawiri. Chiyambire mwezi wa Malichi 1991, pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi matope nasesa midzi pamodzi ndi anthu mazanamazana, kufikira Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula nthaka ya m'mapiri kuyambira ku Blantyre mpaka ku Nkhulambe, natisiya tikulira anthu oposa 1,000 amene anafa kapena kusowa, sipanapite nyengo yaitali osaoneka galimoto yoyera itaima pabwalo la mfumu, ndi anyamata ndi asungwana ovala malaya ofanana atagwira mapepala, kapena masiku ano matabuleti, akufuna kudziwa kuti pabanja pali anthu angati, amadya kangati patsiku, madzi amatunga kuti, ndiponso ngati uthenga wa chenjezo anaumva pa wailesi kapena kwa mnansi. Anthu amayankha, pakuti ndi anthu aulemu. Mayankho aja amakwera galimoto yomwe ija kunka ku Lilongwe, nawoloka nyanja, nasanduka malipoti a Chingerezi. Ndipo mayi wa ku Migowi kapena wa ku Chiringa, amene anasiya mphika pamoto kuti ayankhe, sadzaona ngakhale tsamba limodzi la zimene ananena.

Pakati pa ofunsawo pali ana a dziko lino ambiri, ena a ku Phalombe komweko, amene agwira ntchitoyi zaka zambiri, naphunzira ndi mapazi awo zimene siziphunzitsidwa kusukulu ya ukachenjede: funso limene limatsekula pakamwa pa munthu ndi limene limatseka, nthawi yoyenera kufika pakhomo, ndi chimene nkhalamba ikunena pamene yakhala chete. Nzeru zimenezi zimatha pamodzi ndi kontirakiti, ndipo obwera pambuyo amayambanso pachiyambi. Tsono nkhani imene tifuna kuisanthula ndi iyi: munthu wotere atafuna kulemba buku la luso lake m'Chichewa, kuti alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, a makomiti a madzi, ndi achinyamata opanga zinthu za pafoni apindule nalo, adzalisindikiza ndani, adzaligula ndani, ndipo kodi n'kwanzeru kuti asenze yekha katundu yense wa kulisindikiza?

Tiyambe ndi luso lenilenilo, pakuti ambiri amalisokoneza ndi kalembera. Kalembera amawerenga, n'chifukwa chake tidziwa kuti mu 2018 boma la Phalombe, limene linapatuka ku Mulanje mu 1998, linali ndi anthu oposa 400,000. Koma pali kufunsa kwina kumene sikufuna chiwerengero, kumene wofunsa amakhala pansi nthawi yaitali kuti aone mmene chinthu chopangidwa ndi ena, kaya ndi mjigo, kaya mbaula, kaya foni, kaya fomu ya kuchipatala, chikhalira m'manja mwa amene achigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku: amachigwira bwanji, chimawavuta pati, amachisiya liti, ndipo amachisandutsa chiyani wochipanga akangotembenuka. Kumaiko a kunja luso limeneli lakula kwambiri m'makampani a makompyuta ndi mafoni, kufikira kuti pali anthu amene amadyera ntchito imeneyi yokha. Koma muzu wake makolo athu anaudziwa kale, pamene anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Umboni wake suli kutali. Madzi a m'mipopi amene amatsika okha kuchokera m'mitsinje ya m'phiri, popanda injini kapena magetsi, anayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anafalikira kuzungulira phiri la Mulanje ndi m'chigwa cha Phalombe, boma likupereka mapaipi, eni midzi akukumba ngalande ndi makasu awo mtunda wa makilomita ambirimbiri. Ndipo ntchitoyo inatchuka ngakhale kunja monga chitsanzo cha chitukuko chodzithandiza. Koma pamene mayi wina wofufuza, Elizabeth Kleemeier, anayendera mipopi yotere patapita zaka, nasindikiza zimene anapeza mu 2000, zinaoneka kuti timizere ting'onoting'ono tinali kuyendabe bwino, pamene mizere ikuluikulu yambiri inali itafooka, chifukwa makomiti a m'midzi ankatha kumata paipi ikaphulika, koma matanki ndi magwero a kumtunda anali katundu woposa mapewa awo. Amene anatamanda sananame, amene anadandaula sananamenso; anangosiyana tsiku lofikira ndi munthu amene anamufunsa.

Mjigo wa Afridev, umene lero tiuona m'midzi yambiri, unabadwa ndi phunziro lomweli. Unayambira pa mjigo wina woyesedwa m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nukonzedwanso ku Kenya, ndipo ulemerero wake suli m'mphamvu yokoka madzi, koma uli m'kuti anthu awiri atatu a m'mudzi, ali ndi sipanala yawo, angathe kusolola ndodo zake ndi kusintha kalabala kotha osadikira amisiri a kuboma. Tsono yerekezani ndi mjigo uja wotchedwa PlayPump, wochokera ku South Africa, umene anaupanga kuti ana akamasewera pa chitsulo chozungulira madzi azikwera m'thanki. Akuluakulu a ku America anauthira ndalama zambiri m'zaka za m'ma 2000, nuikidwa m'maiko angapo ndi kuno komwe. Koma ana sasewera m'mamawa pamene madzi afunika, ndipo amene anatsala akukankha chitsulocho ndi manja anali amayi, ena okalamba, ena oyembekezera, ambiri a iwo atachotseredwa mjigo wamba umene sunkawavuta. Panalibe amene anayamba wawafunsa.

Za mbaula tingonena mwachidule. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, wokhudza ana oposa 10,000, amene zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya madokotala ya The Lancet kumapeto kwa 2016, anapeza kuti mbaula zamakono zokhala ndi kachipangizo kopemerera moto sizinachepetse chibayo mwa ana monga anthu ankayembekezera. Zinkawonongeka kawirikawiri, ndipo utsi umene mwana amapuma suchokera pamoto wophikira wokha.

Koma kufunsa nakonso kuli ndi mbuna zake, ndipo apa ndi pamene buku lifunikira. Taonani mmene zimakhalira. Mlendo wafika, wapatsidwa mpando wokhawo umene ulipo pakhomo, mayi wakhala pamphasa atatambasula miyendo, maso ali pansi, nduna ya mfumu yaima chapatali, koma osati patali posamva, ana azungulira. Mlendo afunsa, “Mayi, mbaula tinakupatsani ija ikukuthandizani?” Mayi ayankha, “Ikutithandiza kwambiri, bambo, tikuthokoza.” Mlendo alemba kuti inde. Akanati adzuke pampando paja, napempha madzi akumwa, nasuzumira m'khitchini, akanaona mafuwa atatu ali ndi phulusa lofunda, ndi mbaula ija ili pakona yosada n'komwe, nkhuku itaikiramo mazira. Mayiyo sanakhale mboni yonama. Wachita chimene analeredwa nacho, kuti wopatsa sanyozedwa pamaso, ndiponso walingalira, mwanzeru ndithu, kuti akadandaula dzina lake lingafufutidwe m'kaundula wa thandizo la mawa. Ndipo zifukwa zake zosiyira mbaulayo zinali zomveka, akanapezeka wozimva: mphika wa nsima ya anthu khumi sukhazikika pamenepo poikapo mthiko, ndipo chiperoni chikadza mu Juni ana afuna moto wouzungulira, osati wotsekeredwa m'dothi.

Olemba a kunja anaziona mbuna zimenezi, aliyense kumbali yake. Robert Chambers, m'buku lake la 1983 lonena za chitukuko cha m'midzi, anadzudzula akatswiri oyendera midzi ya m'mphepete mwa msewu wa tala yokha, m'chilimwe chokha, nalankhula ndi amuna ndi anthu opezako bwino okha. Ndipo aliyense wodziwa mmene njira za kumunsi kwa chigwa, cha ku nyanja ya Chilwa, zimakhalira mu Febuluwale, adzavomereza kuti amene ali pamavuto koposa ndiwo safikiridwa. Rob Fitzpatrick, m'kabuku kake ka 2013 kotchedwa The Mom Test, analangiza oyamba malonda kuti asafunse munthu ngati chinthu chawo n'chabwino, pakuti ngakhale mayi wokubala adzakukometsera pofuna kukusangalatsa, koma afunse zimene munthuyo anachita dzulo ndi dzana, ndi ndalama zimene anatulutsa kale polimbana ndi vutolo. Ndipo Crystal Biruk, amene anatsatira magulu a kafukufuku m'midzi ya dziko lino, natulutsa buku la Cooking Data mu 2018, anaonetsa mmene sopo woperekedwa kwa woyankha amasandukira nkhani yaikulu, ena kumuyesa mphatso, ena malipiro operewera, ndi mmene ziwerengero zooneka zoyera pakompyuta zimadzera m'manja mwa achinyamata otopa amene mayina awo salembedwa pachikuto. Mabuku atatu onsewa ndi a Chingerezi, ndipo si mabuku amene mungawapeze pamsika wa Migowi.

Pali chinanso chimene mlendo sangachilembe monga angachilembere mwana wa pakhomo, ndicho mantha. Mu Sepitembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu angapo naphedwa ndi magulu olusa, bungwe la United Nations nilichotsa antchito ake m'maboma awiriwo kwa kanthawi. Kukhetsa mwazi kulibe chodzikhululukira nacho. Koma wofunsa wanzeru adzalingalira chifukwa chake anthu amene kwa zaka zambiri atengedwa mayankho, mayina ndi zithunzi, osauzidwa kumene zinapita, amafulumira kukhulupirira kuti mlendo wonyamula chikwama wadzatenga kanthu. Mutu wonena za kalowedwe ka m'mudzi, za kupereka ulemu kwa mfumu popanda kuisandutsa mlonda wa pakamwa pa anthu ake, ndi za kubwerera kudzanena zimene mwapeza, ndiwo ungakhale mtima wa bukulo.

Tsono tifike pa za kusindikiza. Mabuku a chinenero chathu anabadwira m'manja mwa mamishoni, ndipo kuyambira pachiyambi wolemba anapeza mlonda pachipata. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, amene buku lake la Nthondo linapata mphoto pa mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Africa nilituluka mu 1933, ndiye amene tingamutche kholo la ofunsa athu onse, pakuti Mbiri ya Achewa anaisonkhanitsa pokhala pamapazi a nkhalamba. Koma zolemba zake zinadzera m'makina a mishoni. Mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa bungwe limodzi losindikiza mabuku a m'zinenero za eni dziko, likulu lake ku Lusaka, ndipo olemba onga John Gwengwe ndi E. J. Chadza anatulukira m'zaka zotsatira. Chaka cha 1968, chimene Chichewa chinakwezedwa kukhala chinenero cha fuko, ndicho chaka chomwe lamulo lounika mabuku ndi mafilimu linakhazikitsidwa, kotero kuti kwa zaka zoposa 25 wolemba aliyense ankalemba akucheukacheuka, poopa a Censorship Board. Komabe m'nyengo yomweyo a Popular Publications ku Limbe, a Dzuka, a CLAIM ndi a Likuni anatulutsa mabuku amene ambiri a ife tinakulira, a Willie Zingani ndi a Jolly Max Ntaba ali m'gulumo. Ufulu wa 1994 unachotsa mlonda wa ndale, koma pachipata panakhala wina, wosaopsa nkhope koma wouma mtima chimodzimodzi, ndiye msika: kampani yosindikiza imapeza phindu pa mabuku a sukulu amene Unduna wa Maphunziro wavomereza, ndipo buku limene silili pa silabasi, lingakome chotani, limauzidwa kuti lidikire.

Amene anakana kudikira alipo, ndipo woyenera kumutchula pano ndi Steve Chimombo, mphunzitsi wa ku Chancellor College amene anatisiya mu 2015, yemwe ndakatulo zake zambiri zinazungulira napolo yemweyo amene anthu a ku Phalombe amamudziwa. Iye anakhazikitsa kabungwe kake ka WASI ku Zomba, natulutsiramo magazini ya zaluso ndi mabuku ake angapo. Ndipo ngakhale a Heinemann anamusindikiza mu 1994, zambiri za ntchito yake zikanagona m'kabati akanati ayembekezere kuitanidwa.

Kunja zinthu zinasintha kwambiri kuyambira mu 2007, pamene Amazon inatsegula njira yoti munthu aliyense aike buku lake pa intaneti popanda kupempha kwa kampani. Ndipo makina osindikiza kope limodzi lokha, munthu akaliitanitsa, anachotsa mantha a kutsala ndi mulu wa mabuku osagulidwa. Kabuku kaja Fitzpatrick anadzisindikizira yekha mwa njira yotere. Jan Chipchase, amene anayenda maiko ambiri kuonerera mmene anthu agwiritsira ntchito mafoni a Nokia, anasonkhetsa ndalama kwa ofuna kuwerenga buku lake la 2017. Mwa olemba otere mwabuka mwambo umene tiyenera kuulingalira bwino. Wolemba sabisala mpaka tsiku lotulutsa buku, koma amauza owerenga ake mwezi ndi mwezi pamene wafika, mutu umene wataya, ndalama zimene mkonzi watenga, ndi chikuto chimene akukayika nacho. Amatumiza mitu yosamalizika kwa anthu angapo, nawapempha kuti asonyeze pamene anatopa, pamene anasokonezeka, ndi pamene anasiyira kuwerenga. Ena amauyesa mwambo umenewu kudzitama, ndipo nthawi zina ndi kudzitamadi. Koma pansi pake pali choonadi chimene wolemba za kufunsa anthu sangachithawe popanda kudzitsutsa yekha, kuti buku nalonso ndi chinthu chopangidwa, lili nawo oligwiritsa ntchito, ndipo lingathe kukhala PlayPump ina.

Zimene zitheka ku London sizitheka zonse pa Phalombe. Kuno ogula ambiri alibe khadi la kubanki logulira pa intaneti, ali ndi Airtel Money kapena Mpamba. Buku la pafoni likangotuluka limayenda pa WhatsApp kwaulere, ndipo ngakhale lamulo la 2016 loteteza eni zaluso lilipo, bungwe la COSOMA nalonso lilipo, palibe wolemba amene angathamangitse foni iliyonse. Pepala, inki ndi mbale zosindikizira zimachokera kunja, kotero kuti pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene wosindikiza anautchula Lolemba sunali womwewo Lachisanu. Ndipo pali msampha wina umene wakola ambiri. Wa makina aakulu adzakuuzani, moona ndithu, kuti mukasindikiza makope 1,000 kope lililonse litsika mtengo kuposa mukasindikiza 100, chifukwa ndalama yokonzera mbale ndi imodzimodzi. Ndipo wolemba, pomva kutsika kwa mtengo, amagulitsa njinga kapena kukongola ku banki mkhonde, nabwera ndi makatoni amene adzakhala kuseri kwa chitseko mpaka chiswe chitawapeza. Alimi a nandolo a ku Phalombe adziwa bwino kuwawa kwake, pakuti mu 2017 analima kwambiri poona mtengo wa zaka zapitazo, dziko la India nilichepetsa chipata chake, matumba nakhala m'nyumba opanda wogula. Makope 100 a makina ang'onoang'ono, okwererapo mtengo koma otha, aposa 1,000 otchipa ongogona.

Mwambo wokhazikitsa buku, monga uchitikira m'mahotela a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, nawonso umanyenga. Mlendo wolemekezeka agula kope loyamba ndi ndalama zambiri, anzake napikisana naye, ojambula najambula, ena nalonjeza macheke amene wolemba adzawalondola miyezi. Ndipo madzulo ake wolembayo aganiza kuti buku lake layenda, pamene chimene chayenda ndi ulemu wa abale ndi mabwenzi, ulemu womwe uja wa mayi wa pamphasa. Sitiunyoza mwambowu, pakuti kawirikawiri ndiwo umabweza ngongole ya wosindikiza; tingoti usayesedwe umboni wakuti bukulo lawerengedwa.

Pali tinthu tiwiri tosavuta timene odzisindikizira ambiri amatidumpha. Koyamba ndi nambala ya ISBN, imene m'dziko muno imaperekedwa ndi nyumba yosungira zolemba zakale ya boma ku Zomba, ndipo popanda iyo buku silidziwika bwino kwa ogulitsa ndi kwa nyumba zowerengeramo mabuku. Kachiwiri ndi kope limene lamulo lifuna kuti likasiyidwe ku nyumba yomweyo, kuti mdzukulu wofuna kudziwa zimene tinkaganiza adzalipeze ife titagona.

Koma chachikulu chimene munthu ataya pokana kudzera kwa kampani ndi mkonzi. Ndipo apa tilankhule mosapsatira, kuti mabuku ambiri odzisindikizira amene tawaona ali ndi chilema chimodzi, ndicho kusowa munthu amene anauza mwini wake kuti iyayi. Walira mvula walira matope: amene wafuna ufulu wodzisankhira yekha mutu, chikuto ndi mtengo, walandiranso ntchito zonse zimene kampani ikanagawira anthu ake. Mwini sangaone zolakwa zake, pakuti diso lake limawerenga zimene mtima unafuna kulemba, osati zimene dzanja linalemba. Chifukwa chake ndalama yoyamba isapite kwa wojambula chikuto, ipite kwa munthu wodziwa Chichewa cholemba, wotsata kalembedwe kamene a Centre for Language Studies ku Zomba akasunga chiyambire 1996, amene sadzachita manyazi kudula mutu wonse umene wolemba aukonda koposa. Ndipo akatha iyeyo, bukulo liwerengedwe mokweza pamaso pa mlangizi wa zaumoyo, mlembi wa komiti ya mjigo ndi mphunzitsi wa pulayimale, wolemba ali phee pakona, osafotokozera kanthu, akungoona pamene nkhope zikuchita tsinya ndi pamene wina wayamba kusewera ndi foni. Akawafunsa ngati buku lakoma, adzati lakoma. Awatume m'malo mwake kuti akayese mutu umodzi m'mudzi sabata yamawa, adzamve zimene anakumana nazo.

Kuyesa komweko kudzamuuza msinkhu wa bukulo. M'dziko limene pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse sadziwa kuwerenga, buku lothandiza ndi limene mmodzi angawerengere anzake pansi pa mtengo msonkhano usanayambe, la mitu yaifupi, lolowa m'chikwama cha panjinga, lotheka kulidula zigawo zoulutsa pa wailesi. Ndipo popeza ambiri a ku Phalombe ndi Alhomwe, amene ngakhale alankhula Chichewa tsiku ndi tsiku ali nazo nkhalamba zosunga chinenero cha makolo awo, wolemba asakonze mawu a woyankha kuti amveke ngati a m'kalasi; awasiye monga anatulukira, pakuti wowerenga wa kumeneko adzazindikira mawu a kwawo, nadzakhulupirira zotsalazo.

Pali ngongole inanso imene sibwezedwa ndi ndalama. Kampani yaikulu ili nawo maloya oletsa wolemba kutchula munthu mosayenera; wodzisindikizira ali ndi chikumbumtima chake chokha. Mayi amene anaulula kuti anagulitsa neti ya udzudzu kapena feteleza wotsika mtengo kuti agule chimanga, ananena zimenezo kwa mlendo wopita, sananene kwa mudzi wonse. Ndipo kumudzi kusintha dzina sikukwanira, pakuti mukangoti wamasiye wa ana asanu wokhala pafupi ndi chigayo, aliyense wamudziwa. Ndiponso zimene munthu anasonkhanitsa ali pantchito ya bungwe ndi za bungwelo, ndipo kafukufuku wokhudza anthu ali nawo makomiti ake omuunika pansi pa National Commission for Science and Technology. Chimene wolemba ali nacho chakechake ndi luso lake, osati mafomu a abwana ake.

Kodi tsono adzisindikizire? Ife titi inde, osati chifukwa njirayo ndi yosalala, koma chifukwa ina palibe: kampani siidzatenga buku limene silili pa silabasi, ndipo bungwe likalipirira lidzafuna chizindikiro chake pachikuto ndi mbiri yake yabwino m'kati, pamene phindu lonse la buku lotere lili m'kunena poyera zimene zinalephera. Ndipo nthawi yake ndi ino. Mabuku otchuka a phiri la Mulanje analembedwa ndi alendo, Laurens van der Post mu 1952 ndi Frank Eastwood, wa buku lolondolera njira za m'phirimo, mu 1979; sitikana kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma operekeza alendo ndi onyamula katundu amene akwera kuchokera pa Fort Lister kunka ku Sombani, ena mpaka pa Sapitwa pa mamita 3,002, adziwa zimene mlendo amasowa m'njira koposa ofesi iliyonse, ndipo palibe amene wawakhazika pansi kuti zilembedwe m'chinenero chawo. Chiyambire Julayi 2025, pamene UNESCO inalemba phirili m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse, mapulani atsopano adzachuluka, a njira, a nyumba zogona, a mitengo ya mkungudza, ndi a malamulo oletsa ichi ndi icho. Ndipo adzakhala abwino kapena oipa monga mwa luso la amene adzatumidwa kukamva anthu.

Kwa mabungwe ogwira ntchito m'boma la Phalombe, ndi kwa khonsolo yake, tili ndi mawu amodzi. Ndalama za msonkhano umodzi wa kuhotela, ndi maalawansi ake ndi zoziziritsa kukhosi zake, zingagule makope okwanira alangizi anu onse. Tsiku limene mwana wa kumeneko adzagogoda paofesi panu atanyamula katoni kake, musamupemphe kope laulere, ndipo musamuuze kuti abwere mwezi wamawa. Gulani makope 20, mulipire tsiku lomwelo.